Rauta Yathu ndi Beseni la Amayi

Rauta inabwera kwathu ndi alongo anga, itakulungidwa m'thaulo ngati khanda lochokera kuchipatala. Iwo amagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina cha ku Nkwali, ndipo chiyambireni kunyamulira alendo mbale amalankhula ngati munthu amene anazungulira dziko lonse. Anaiika patebulo, natichenjeza kuti tisaigwire ndi manja amafuta. Kanali kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri, kokhala ndi kagetsi kakang'ono kutsogolo. Kagetsiko kakabiriwira ndiye kuti intaneti ilipo, kakafiira ndiye kuti palibe. Sayansi yonse ya alongo anga inathera pamenepo.

"Iyi ndi ya sukulu," anatero akundiloza. "Uyu ali mu Giredi 12. Si ya mpira, si ya mafilimu."

Atate anavomera ndi mutu, ngati mmene amavomerera kutchalitchi abusa akamadzudzula mowa.

Timakhala pa kampu ya masikauti oteteza nyama, m'mphepete mwa paki. Ndi nyumba zochepa za malata zoyang'anizana, mtengo waukulu wa mango pakati, mjigo kumapeto kwenikweni cha kudambo. Makolo anga anatsika kuchokera kumtunda, cha ku Chipata, ine ndisanabadwe, koma mpaka lero anzathu Achikunda amatiseka kuti ndife alendo tikamadandaula za kutentha. Netiweki ya foni pakampupo inali ya munthu wa miyendo. Wofuna kuimba kapena kulandira uthenga ankapita kuchulu chachikulu cha kuseri kwa zimbudzi, n'kukwera, n'kukweza foni m'mwamba ngati akuionetsa kwa Mulungu. Madzulo pachulupo pankakhala mzere. Rauta yathu inali ndi waya wokwera pansungwi yaitali imene alongo anga anamangirira kudenga, choncho inkagwira netiweki imene mafoni athu sankainunkhiza n'komwe.

Masabata oyambawo ndinkaikonda ngati munthu. Kusukulu kwathu mtima ndinaudziwira pabolodi, wojambulidwa ndi choko, wooneka ngati papaya lodulidwa pakati. Pa rauta ndinauona ukugunda, magazi akulowa uku akutulukira uko. Ndinkaweruka, n'kupalasa njinga mothamanga, n'kutsuka mbale mwachisawawa, kuti ndikhale pansi ndi foni yakale ya Amayi mpaka batire la sola litatopa. Ndinayamba kukhulupirira kuti unamwino umene ndinkaulota si wa ana a m'tauni okha.

Kenako kagetsi kaja kanayamba kufiira.

Sikankafiira mwaulemu ayi. Kankadikira kuti mphunzitsi wa pavidiyo anene kuti tsopano mvetserani bwino chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwa, ndiyeno nkhope yake n'kuuma, kukamwa kuli yasa, kagudumu kakuzungulira pamphuno pake. Miyezi imeneyo ndinawadziwa bwino mano a aphunzitsi ambiri kuposa zimene ankaphunzitsa. Ndikati ndinyamuke ndikatunge madzi, kankabiriwira. Ndikangokhalanso pansi, kankafiira.

Pakampu pathu palibe chinthu chimene chimadwala chokha. Mbuzi ikatsokomola, madokotala amatuluka m'nyumba zonse, ena thaulo lili m'chiuno. Ndi mmene zinakhalira ndi rauta.

Woyamba kubwera anali bwana wa kampu, amene amayang'anira masikauti onse. Analowa manja ali kumbuyo, naiyang'ana rauta ngati mmene amayang'anira nsapato za anthu pa perete.

"Mwaiika pakona," anatero. "Chinthu ichi chili ngati wailesi yathu ya kutchire. Chimafuna kuona kutali. Chiikeni pazenera la kum'mawa."

Atate anainyamula nthawi yomweyo ndi manja awiri.

Mawa lake kunabwera mnzawo wa Atate, sikauti wa ndevu amene amayenda nawo limodzi pa patrolo. Anaigwira ndi kuseri kwa dzanja ngati akuyeza malungo a mwana.

"Achimwene, mukuchiwotcha. Kum'mawa kuli dzuwa. Kumadzulo ndiye kumabwera mphepo ya kumtsinje."

Rauta inasamukira kuzenera la kumadzulo. Sabata lisanathe, mayi woyandikana nafe cha kuseri, amene tonse timamutchula kuti amake mapasa, anauza Amayi kuti zinthu za azungu sizifuna mazenera, zimafuna mthunzi wa kukhomo la kuseri. Rauta inapita kukhomo la kuseri, pamwamba pa thumba la makala. M'mwezi umodzi kabokosi kaja kanayenda mitunda yambiri m'nyumba mwathu kuposa Atate m'paki, ndipo kulikonse kumene kanapita kanafiirabe.

Atate nawo anali ndi mankhwala awo. Ankaizimitsa n'kuiyatsa. Ankaimenya pang'ono pambali ngati tochi ya mabatire akutha. Ankapinda tinyanga tija, kamodzi kuloza ku Mfuwe, kena kuloza kumwamba, n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ngati munthu amene watchera msampha. Zonsezi zikakanika ankati ndi njovu. Malinga ndi iwo, gulu la njovu likaima pakati pa ife ndi nsanja ya netiweki, palibe chimene chingadutse. Ndinawafunsa ngati njovuzo zimaima m'mlengalenga. Anati ndisamayankhe akulu ndi sayansi ya theka. Amayi anangoitchinga ndi kansalu koluka kuti isachite fumbi, akuti mwina ikudandaula kusasamalidwa.

Tsiku lina ndinakwera pachulu kukaimbira kampani imene inatigulitsa. Anandiyankha mtsikana wa mawu osalala, amene ndikukhulupirira kuti pamene anakhala pankaomba mphepo yozizira ya makina. Anandifunsa ngati tinayesa kuizimitsa n'kuiyatsanso. Ndinamuuza kuti taizimitsa kambiri moti ikanakhala munthu bwenzi atasamuka. Anati kwawoko zonse zikuoneka bwino, nandifunira tsiku labwino. Potsika ndinaona kuti pachulupo ndinali ndekha. Njira yopita kumeneko inali itadzaza masamba ouma ndi ndowe za mbuzi. Ndinangoti mwina anthu asiya kukonda abale awo, n'kubwerera kunyumba.

Mu Okutobala, mwezi umene malata amalira okha ndi kutentha, aphunzitsi athu a sayansi anandiitana. Anati bungwe lina limene limalipirira atsikana akumidzi ku koleji ya unamwino lasankha dzina langa. Chotsala chinali kucheza nawo pavidiyo, iwo ali ku Lusaka, ine ndili kuno. Anandibwereka laputopu yawo, nandiyang'ana m'maso.

"Mwayi ndi umodzi," anatero. "Atsikana ndi ambiri. Vidiyo ikamadukaduka sakudikira, amangopita kwa wotsatira. Upeze pamalo pamene netiweki siduka."

Kusukulu kulibe intaneti. Kuloji kwa alongo anga achibale a antchito saloledwa kudutsa pageti. Ndinaganiza zopita kumsika ku Mfuwe, kumene kuli kasitolo ka intaneti pakati pa chigayo ndi owotcherera zitsulo. Phokoso ndikanapirira. Koma Atate anakana ndisanamalize n'komwe.

"Mwana wanga akapemphe intaneti kumsika, kunyumba kuli rauta? Anthu adzati chiyani?"

Anthuwo ndinakumana nawo mawa lake pamjigo. Ndinapeza amake mapasa akupopa, amayi ena atakhala pazidebe zawo.

"Mwaswera bwanji, amake mapasa?"

"Ndaswera, mwanawe, koma kabokosi kanu kaja katikhumudwitsa. Dzulo filimu yanga inaima pamene mkazi wachiwiri amalowa m'nyumba ndi chikwanje. Mpaka pano sindikudziwa ngati anamutema."

Ndinatsitsa chidebe pansi.

"Filimu yanu mumaonera pa rauta yathu?"

"Nanga pa ya yani? Uwauze atate ako aibweze kukhomo la kuseri. Ili kuja inkafika mpaka pabedi."

"Iwe usanamize mwana," anatero akazi a bwana wa kampu. "Kum'mawa ndiye kunali bwino. Ife tinkaonera ulaliki wonse osaduka."

Anayamba kukangana, akusintha Chinyanja ndi Chikunda, za zenera limene rauta ya m'nyumba mwathu iyenera kukhala. Ine ndinaima pamenepo ndikuwerenga mazenera m'mutu. La kum'mawa limayang'ana nyumba ya bwana wa kampu. La kumadzulo limayang'ana ya sikauti wa ndevu. Khomo la kuseri limapenyana ndi bedi la amake mapasa. Madokotala onse aja, amene ankalowa m'nyumba mwathu ndi nkhope zachisoni, matendawo anali nawo m'matumba mwawo. Aliyense ankangokokera wodwalayo kufupi ndi khonde lake.

Madzi sindinatunge. Ndinapeza Atate pakhonde akupukuta nsapato za ntchito, Amayi akusankha nyemba pambali. Ndinagwada monga mwa mwambo, ngakhale mtima sunagwade.

"Atate, pasiwedi ya rauta ija munapatsa ndani?"

"Ndinapatsa bwana. Bwana ungamumane?"

"Bwana yekha?"

"Ndi mnzanga uja. Ndi anyamata aja angobwera kumene, kuti asamasowe kwawo." Anapukuta nsapato ina. "Ena anangoimva."

"Nanga amake mapasa?"

"Amenewo funsa amako."

"Anabwera ndi nsomba zouma," anatero Amayi osadzutsa mutu. "Ndikanatani?"

Ndinawafotokozera kuti kampu yonse ikumwa pa kabokosi kamodzi, n'chifukwa chake kamakomoka. Ndinawapempha kuti tisinthe pasiwedi, ngakhale kwa sabata limodzi lokha. Atate anaika nsapato pansi.

"Iwe, munthu wa ndevu uja amayenda kumbuyo kwanga ndi mfuti yodzaza. Njati itandithamangitsa kudambo lija, anandikokera mumtengo ndi lamba wake. Njovu zikabwera kudzathyola nkhokwe yathu, amatuluka ndi zitini ndani? Si anthu omwewa? Ndiye mawa ndikaime pa perete, ndiwauze kuti kwathu manambala asintha?"

"Koma imatha, Atate."

"Ikutha chiyani? Mphepo imatha?"

"Ili ngati mjigo. Mpopi ndi umodzi. Aliyense akalowetsa chidebe nthawi imodzi, palibe chimene chimadzaza."

"Pamjigo anthu amadikirana," anatero Atate. "Sunaonepo munthu akumangapo loko."

Anatenganso nsapato yawo, kusonyeza kuti mlandu watha. Ndikanatha kusintha pasiwediyo mwakachetechete, chifukwa alongo anga anandionetsa kasinthidwe kake. Koma Atate akanandifunsa yatsopanoyo, ine sindikanawakaniza, ndipo dzuwa lisanalowe ikanafika mpaka pabedi pa amake mapasa. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira. Ndinaona koleji yanga ikuthera pa mkazi wachiwiri ndi chikwanje chake.

Amayi ananditsatira ndi lichero lawo la nyemba.

"Atate ako anena zoona chinthu chimodzi," anatero. "Pamjigo anthu amadikirana. Tsiku limenelo adzadikira."

"Adzavomera pakamwa, Amayi. Akakalowa m'nyumba adzayatsa."

"Iwe sita yunifolomu yako. Za anthu undisiyire."

Kwathu kuno kukagwa maliro, amayi amayenda khomo ndi khomo ndi beseni, aliyense n'kuthiramo ufa umene angathe. Beseni limenelo silikanidwa. Ngakhale munthu amene simulankhulana naye amatuluka ndi kambale kake. Tsiku locheza ndi a ku Lusaka aja litafika, Amayi anamanga chitenje, natenga beseni lathu lalikulu lachitsulo, nayambira nyumba yoyamba. Ine ndinkaonera pazenera ndikusita.

Anthu anatuluka ndi mbale za ufa, nkhope zitagwa kale.

"Watisiya ndani?"

"Palibe. Bwezani ufawo, muike foni."

Anadabwa, ena anaseka, ena anang'ung'udza, koma beseni linali litaima pakhomo pawo, ndipo munthu sadziwa kabwezedwe ka beseni lopanda kanthu. Bwana wa kampu ndiye anaikonda nkhaniyo kuposa onse. Anati ndi mmene iwo amachitira akayandikira msasa wa opha nyama mozemba: mawailesi onse chete. Analankhula za mwambo wa ntchito kwa nthawi yaitali, naika mafoni awiri kuti aliyense aone kuti ali ndi awiri. Amake mapasa anakulunga yawo m'kampango.

"Isakandike galasi. Ndipo musaizimitse, ndikudikira mchemwali wanga wa ku Mambwe."

Aliyense ananena chimodzimodzi. Wina ankadikira mlamu wake, wina uthenga wa kutchalitchi. Amayi analonjeza onse kuti sazimitsa. Kwa iwo, ndi kwa kampu yonse, foni imene ili kutali ndi chala cha mwini wake inali ngati njinga yotsamira pakhoma. Ingapite kuti yokha?

Tsono katundu wa eni ake sasiyidwa pabwalo. Amasungidwa m'kati, pamalo aulemu, pamene mwana kapena nkhuku sizingafike. Amayi analowa nalo beseni lija m'chipinda chochezera, nalikankhira pansi pa tebulo, nagwetsa nsalu ya patebulo kuti libisike. Pamwamba pa tebulo lomwelo panali rauta, imene ndinaibweza pakona pake poyamba paja. Ine ndinali kuchipinda, ndikubwereza Chingerezi changa pagalasi. Sindinaone.

Chinanso chimene sitinaganize n'chakuti munthu wolandidwa foni amasowa chochita. Pofika masana kampu yonse inali pansi pa mango. Kenako inasendera pakhonde. Pamene ndinkatsegula laputopu, zenera lililonse linali ndi mitu. Atate anaima pakhomo atavala yunifolomu yonse mpaka chipewa, ngati akulondera nyanga za njovu zolandidwa.

Pagalasi panaoneka anthu atatu, amayi awiri ndi bambo mmodzi. Mayi wa magalasi, amene ankaoneka kuti ndi wamkulu wawo, anandilonjera nandifunsa chifukwa chimene ndikufunira unamwino. Funsolo ndinalikonzekera. Ndinayamba kuwauza za nyengo ya mvula, mitsinje ikadzaza msewu n'kuduka, mmene mayi wina wa pakampu pathu anachirira pangolo asanafike kuchipatala, ine nditagwira ambulera. Mayi uja anatsegula pakamwa kuti afunse china.

Pakamwapo sipanatsekeke. Kagudumu kanayamba kuzungulira pamagalasi ake. Kagetsi kanali kofiira.

"Kum'mawa," ananong'ona bwana wa kampu pazenera.

"Yatentha," anatero wa ndevu pazenera lina. "Ndinanena ine."

Atate anadumpha n'kuizimitsa, n'kuiyatsa, n'kuimenya pambali. Wina panja anafunsa ngati kwaoneka njovu. Patapita kanthawi kagetsi kanabiriwira, nkhope zija zinabwerera. Mayi wa magalasi anati anali atanditaya. Ananena mokoma mtima, koma anati zikachitikanso adzakakamizika kupita kwa wotsatira, chifukwa atsikana ena akudikira. Ndinapepesa. Ndinayambanso pa ambulera paja. Sindinafike patali, nkhope zinaumanso.

M'nyumba munali zii. Ndi mmene ndinamvera phokoso pansi pa tebulo, ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini. Kenako nyimbo ya kwaya inayamba kuimba cha kumapazi anga. Pakampu pathu foni silira m'nyumba pokhapokha ili pa rauta. Ndinakweza nsalu ndi phazi. Beseni linali likuwala. Mafoni onse a kampu anali mmenemo, ena akunjenjemera, ena akulandira mavidiyo a m'magulu a tchalitchi ndi a mpira, ena akudzikonza okha. Chibadwire chawo anali asanafikepo pafupi chotero ndi rauta. Miyezi yonseyi ankamwa kudzera m'makoma, koma tsiku limenelo Amayi anawabweretsa pabere penipeni, ngati tiana ta nkhumba.

"Amayi, beseni ili likumwabe."

"Likumwa bwanji? Eni ake si awo ali panja?"

"Amamwa okha."

"Ndiwazimitse?"

Anali ambiri, iliyonse ndi kazimitsidwe kake, ndipo ku Lusaka kunali munthu amene chala chake chinali kale pa dzina la mtsikana wina.

"Lichotseni. Lipite kutali."

Amayi sanafunsenso. Anagwada, nakwawira pansi pa tebulo, nalikoka beseni, nalisenza pamutu popanda nkhata. Atate anawapatukira pakhomo. Anadutsa pakati pa anthu osayang'ana munthu, nalunjika kumjigo, kwaya ikuimbabe pamutu pawo.

"Imeneyo ndi yanga," anatero amake mapasa. "Ndi mchemwali wanga ameneyo. Amake mwana, taimani ndiyankhe."

Amayi sanaime. Amake mapasa anawatsatira. Akazi a bwana anatsatira amake mapasa. Wa ndevu anati yake ilibe chikuto, ikhoza kusweka, nanyamuka. Mitu inachoka m'mazenera umodziumodzi. Chomaliza chimene ndinaona ndi mzere wa masikauti, amuna amene amayang'anizana ndi njati ndi mikango, akutsatira beseni ngati anapiye, bwana wa kampu ali kumbuyo akulamula kuti pasakhale wothamanga, iye mwini akufulumira chifukwa ake anali awiri.

Beseni litadutsa zimbudzi, kagetsi kanabiriwira.

Ndinalowanso pavidiyo paja. Bambo uja anali atatseka kale faelo yanga, koma mayi wa magalasi anakweza dzanja. Anandifunsa ngati vutolo latha kapena tiyembekezere lina. Ndinamuuza kuti latha, amayi anga alisenza pamutu apita nalo kumjigo. Sanamvetse, ndiye ndinafotokoza mwachidule. Mayi wachiwiri anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Wa magalasi anangoti tipitirize, nandibwezera pa ambulera paja. Anandifunsa za magazi, za malungo, za chimene ndingachite wodwala atakana mankhwala chifukwa achibale ake amuuza zina. Limeneli ndinaliyankha mosavuta. Ndinali nditakhala miyezi ndi wodwala wa madokotala ambiri.

Vidiyo sinadukenso mpaka tinatsanzikana. Atate anali ataima pamalo amodzimodzi, chipewa chili m'manja, akuyang'anitsitsa kagetsi kaja ngati kangathawe. Nditatseka laputopu anatsokomola.

"Njovu zija zasuntha," anatero.

Ndinapita kumjigo kukawaitana Amayi. Ndinawapeza atakhala pasimenti, beseni lili pamiyendo, manja ataliphimba, kampu yonse itawazungulira. Sanabweze foni ngakhale imodzi mpaka ataona nkhope yanga.

Yankho linabwera mvula yoyamba itagwa. Pa rauta silikanandipeza, chifukwa madzulo a tsiku lomwe lija mafoni onse anabwerera pabere, ndipo kagetsi kanayambiranso khalidwe lake. Ndinalilandira pachulu, nditakweza foni yakale ya Amayi m'mwamba, mbuzi zikundiyang'ana. Ananditenga. Malo anga alipo, bola ndikhoze bwino mayeso a Giredi 12, ndipo ndikhoza.

Nkhani itamveka, akatswiri aja anabwera kudzalandira ulemu wawo. Bwana wa kampu anauza masikauti pa perete kuti mwambo wa mawailesi chete ndi umene unapulumutsa mwana. Wa ndevu anati tikanamvera za kumadzulo, sikukanakhala kuduka ngakhale kamodzi. Amake mapasa amauza aliyense pamjigo kuti anaphonya foni yochokera kwa mchemwali wawo chifukwa cha sukulu yanga, ndipo ndikadzakhala namwino ndidzawabaye jekeseni mosapweteka. Za kukwawa pansi pa tebulo palibe amene amazitchula. Amayi nawo sazitchula.

Pasiwedi sinasinthe mpaka lero. Chimene chinasintha n'chakuti ndikafuna kuwerenga, Amayi amatulutsa beseni lija n'kuliika pakhonde, n'kuligogoda kawiri ndi chikombe. Sapitanso khomo ndi khomo. M'nyumba zoyandikana mumamveka kung'ung'udza m'Chikunda, kenako kagetsi kamabiriwira kwa ola limodzi kapena awiri, mpaka wina atalephera kupirira.

Sabata latha amake mapasa anandiimitsa ndikuchokera kusukulu. Anandigwira dzanja mwachikondi, nandifunsa za mayeso, nati kampu yonse ikundipempherera. Kenako anatsitsa mawu.

"Ukamapita kukolejiko, kabokosi kaja utenga?"

Ndinawauza kuti ndikasiya.

"Wachita bwino, mwanawe," anatero. "Ukasiya pazenera liti?"